Mpeni woyenda nawo kutchire: chitsulo chiti, wopanga uti? Mafunso ndi mayankho

Munthu akayamba kufunafuna mpeni woyenda nawo kutchire, kuphiri, kunyanja kapena kudimba, amapeza kuti pa mpeni uliwonse adindapo timanambala ndi timalemba tosamveka. Mayankho ali m'munsiwa atsamira mbali imodzi, ndipo ndi bwino mudziwiretu: dzina la chitsulo ndi kagawo kakang'ono chabe ka nkhaniyi. Zazikulu ndi luso la amene anawotcha chitsulocho, makulidwe a mpeniwo, ndiponso ngati mungathe kuunola nokha kumene mukupitako.

Kodi chitsulo choposa zonse ndi chiti?

Palibe. Pa mpeni timafuna zinthu zinayi: ukhalitse uli wakuthwa, upirire ukamenya pouma osabenthuka, usachite dzimbiri, komanso usavute kunola. Tsoka lake n'lakuti zinthu zimenezi zimalimbana zokhazokha.

Chimene chimathandiza mpeni kuti usabunthe msanga ndi timibulu touma kwambiri m'kati mwa chitsulo, timene timapangika kaboni akagwirana ndi chromium kapena vanadium. Akatswiri amati ma carbide. Timibuluti tikachuluka, mpeni umadula zingwe, makatoni ndi zikopa kwa nthawi yaitali osafuna mwala. Koma mng'alu umayambiranso pa timibulu tomweto mpeni ukagunda fupa kapena mfundo ya mtengo, ndipo ndi tomwenso timakanika pa mwala wonolera. Choncho mukapindula kuno, mumataya uko. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti: mpeniwu uzigwira ntchito yanji, ndipo uzikhala pamalo otani?

Nanga manambala monga 1095, 5160, 440C ndi 8Cr13MoV amatanthauza chiyani?

Ena amawerengeka mosavuta. Pa kawerengedwe ka ku America, 1095 ndi chitsulo cha kaboni chopanda zosakaniza zambiri, ndipo 95 wakumapetoyo akutanthauza kaboni wokwana pafupifupi 0.95 peresenti. Momwemonso 1070 ili ndi 0.70, ndipo 1055 ili ndi 0.55. Chitsulo cha 5160 chili ndi kaboni 0.60 peresenti ndi chromium pang'ono, ndipo ndi cha masipuling'i. Mayina a ku China nawonso sabisa kanthu: 8Cr13MoV ndi kaboni pafupifupi 0.8 peresenti, chromium 13 peresenti, kuonjezapo molybdenum ndi vanadium pang'ono. Mukaona 3Cr13, dziwani kuti kaboni ndi 0.3 chabe, ndipo mpeni wotere suuma mokwanira. Umabuntha musanamalize kusenda mbuzi imodzi.

Mayina ena ndi a makampani osungunula zitsulo. 12C27 ndi 14C28N ndi za Sandvik ya ku Sweden, imene nthambi yake ya zitsulo inayamba kutchedwa Alleima mu 2022. VG-10 ndi cha Takefu ya ku Japan, pamene N690 ndi M390 ndi za Böhler ya ku Austria. 440C chili ndi kaboni pafupifupi 1 peresenti ndi chromium 16 mpaka 18 peresenti, ndipo ndi chitsulo chabwino ndithu. Koma mpeni ukangolembedwa 440 popanda chilembo, kapena "stainless" basi, wopangayo sakufuna kuti mudziwe chimene wagwiritsa ntchito.

Ndisankhe chitsulo cha kaboni kapena chosachita dzimbiri?

Yang'anani kaye kumene mukukhala ndi khalidwe lanu. Chitsulo cha kaboni chimanoleka mofulumira pa mwala uliwonse wosalala, chimathwa bwino kwambiri, ndipo n'chotchipa. Koma mukachisiya chonyowa m'chimake usiku umodzi wokha, m'mawa mupeza madontho ofiira. Mukadula nacho ndimu, mango kapena anyezi chimada, ndipo poyamba chimasiya kafungo kachitsulo pa chakudya. Kudako si vuto: ndi kachikuto kamene kamathandiza kuchedwetsa dzimbiri lofiira lija, moti ena amachita kudetsa mpeni watsopano dala ndi viniga.

Chitsulo chimayamba kuwerengedwa kuti n'chosachita dzimbiri chikakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, ndipo pa mipeni yambiri amafika 13 kapena kuposa. Harry Brearley wa ku Sheffield ndi amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anatulukira chitsulo chotere, mu 1913. Akuluakulu ambiri amanenabe kuti mpeni wonyezimira sukuthwa, ndipo sanganenedwe kuti akunama, chifukwa mipeni yonyezimira yambiri imene anakumana nayo inali ya zitsulo zofewa ngati 3Cr13. Koma 12C27 ndi 14C28N n'zina. Timibulu tawo n'tating'ono kwambiri, choncho zimathwa pafupifupi ngati kaboni, zimapirira kuposa zitsulo zambiri zodula, ndipo zimanoleka popanda kulimbana nazo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mpeniwo uzitumbula chambo kunyanja, kapena uzikwera nawo phiri la Mulanje nthawi ya chiperoni pamene chilichonse m'chikwama chimachita chinyezi, tengani chosachita dzimbiri, makamaka 14C28N. Ngati ntchito yake yaikulu ndi kusema mitengo ndi nsungwi, ndipo ndinu munthu amene simuiwala kupukuta chida mukamaliza ntchito, kaboni sangakukhumudwitseni. Dziwaninso kuti ngakhale chosachita dzimbiricho chimatha kuchita madontho mukachisiya ndi magazi kapena madzi amchere.

Bwanji mipeni iwiri ya chitsulo chimodzimodzi imasiyana kwambiri?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chitsulo chikachoka kofakitale chimakhala chofewa kuti chidulike ndi kuumbika. Wopanga mpeni ndi amene amachiumitsa: amachiwotcha mpaka pafupifupi madigiri 800 ngati n'cha kaboni, kapena kupitirira 1,000 ngati n'chosachita dzimbiri, kenako n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi. Chikatero chimauma kwambiri koma chimasweka mosavuta, ndiye amachifunditsanso pa moto wochepa, kawirikawiri cha m'ma 200, kuti chibwezeretse kupirira. Zili ngati njerwa: dothi likhoza kukhala la pa chulu chimodzi, koma wina akapereweza moto zimafumbutuka, wina akapyoletsa zimang'aluka. Akalakwitsa pa kawotchedwe, dzina la chitsulo silingapulumutse mpeniwo.

Kuumako amakuyeza pa sikelo ya Rockwell, n'kulemba kuti HRC. Mipeni yambiri yakutchire imagwera pakati pa 56 ndi 62. Ya kampani ya Victorinox ya ku Switzerland imakhala cha pa 56: imabuntha msanga koma imabwerera mukangoipititsa pa mwala kangapo. Zikwanje amaziumitsa mocheperapo kuti zizipindika m'malo mothyoka. Kupitirira 60, mpeni umakhalitsa wakuthwa koma sufuna kukanulira zinthu.

Chitsanzo chimene anthu a mipeni amachitchula kwambiri ndi Buck ya ku America. Imagwiritsa ntchito 420HC, chitsulo wamba chokhala ndi kaboni wosafika theka la peresenti, chimene pa mipeni ina n'chofooka ndithu. Koma Buck imachiwotcha mwa njira imene anakonza Paul Bos, n'kuchifikitsa pafupifupi 58 HRC, ndipo alenje akhala akusendera nyama ndi mipeni imeneyi kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake ndimati sankhani wopanga kaye, chitsulo pambuyo. Wopanga amene amalemba poyera dzina la chitsulo ndi HRC yake amakhala kuti ali ndi chimene akudalira.

Zitsulo zodula monga S30V, M390 ndi MagnaCut n'zoyenera ndalama zake?

N'zabwinodi, si bodza ayi. Amazipanga posandutsa chitsulo chamadzi kukhala ufa, kenako n'kuufinya pa moto waukulu, moti timibulu tija timakhala tating'ono ndi tofalikira bwino ngakhale tachuluka. CPM S30V inatuluka mu 2001 kuchokera ku kampani ya Crucible, mogwirizana ndi Chris Reeve, wopanga mipeni wochokera ku Durban amene anasamukira ku Idaho. Ili ndi vanadium 4 peresenti. M390 ili ndi kaboni 1.9 peresenti ndi chromium 20 peresenti, ndipo imakhalitsa yakuthwa modabwitsa. MagnaCut, imene anakonza Larrin Thomas ndipo inatuluka mu 2021, ndi imene yayandikira kwambiri kugwirizanitsa zolimbana zija: ili ndi chromium 10.7 peresenti yokha, komabe imakana dzimbiri kuposa zitsulo zambiri za chromium wochuluka, chifukwa anailinganiza kuti chromium asamangidwe m'timibulu koma atsale akuteteza chitsulo.

Koma taganizani tsiku limene mpeniwo wabuntha muli kutali ndi kwanu. Timibulu ta vanadium n'touma kuposa mwala wonolera wamba, choncho pamafunika chonolera cha dayamondi kuti ntchito iyende bwino. Ngati mulibe, mwatsala ndi mpeni wodula umene sukudula. Komanso mtengo wa mpeni umodzi wa M390 ungakugulireni mipeni ingapo yotchipa ya Mora ya ku Sweden, mwala wabwino, n'kutsalako ndalama. Kwa munthu amene amasenda nyama zambiri motsatizana, kapena amene amakonda mipeni mwa iyo yokha, ndalamazo sizinatayike. Kwa woyamba kumene, ndimati dikirani mpaka mutadziwa kunola.

Ngati mukufuna chitsulo chodula cha mpeni waukulu womenyera, yang'anani CPM 3V. Chimapirira kwambiri, koma chromium wake ndi 7.5 peresenti, ndiye chimafunabe kupukuta ndi kupaka mafuta.

D2 ikupezeka pa mipeni yambiri yotchipa. Ndi yabwino?

Ili ndi kaboni 1.5 peresenti ndi chromium 12 peresenti, koma chromium wambiri wamangidwa m'timibulu tikulutikulu, choncho imachitabe dzimbiri, ndipo imabenthuka mosavuta mukaimenyetsa pouma. Pa mpeni wopinda wodulira zingwe ndi makatoni ndi yabwino pa mtengo wake. Pa mpeni wakutchire wogwira ntchito zankhanza sindingaisankhe, ndipo imavutanso kunola.

Nanga opanga odalirika ndi ati?

Morakniv, ya m'tauni ya Mora ku Sweden, imene mbiri yake imayambira mu 1891, ndi imene ndimatchula koyamba kwa aliyense. Mtundu wa Companion uli ndi mpeni wotalika pafupifupi masentimita 10, wopyapyala, wopepuka, ndipo umapezeka wa kaboni komanso wosachita dzimbiri. Kanoledwe kake ndi kamene amati Scandi: mbali yakuthwayo ndi yotakata ndi yafulati, moti mumangoigoneka pa mwala n'kukhuta osavutika kusaka ngodya. Posema mtengo, mipeni yochepa kwambiri imaupambana. Chitsulo chake sichidutsa m'chigwiriro chonse, ndiye amene akufuna wolimba kuposa pamenepa atenge Garberg, umene unatuluka mu 2016, wokhuthala mamilimita 3.2.

Opinel ya ku Savoie, ku France, inayamba mu 1890 ndi Joseph Opinel, ndipo mkombero wokhomera mpeni kuti usapindike anauonjeza mu 1955. Nambala 8 ndi umene umakondedwa kwambiri. Ndi wopyapyala, ndiye podula tomato, nyama kapena chingwe umangolowa. Chilema chake n'chakuti chigwiriro chamtengo chikanyowa chimafufuma, mpeni n'kukanika kutseguka. Ndi mpeni wa chakudya ndi ntchito zopepuka.

Victorinox ya ku Ibach, ku Switzerland, inayamba mu 1884. Musaigulire chitsulo ayi, muigulire kasowo, chotsegulira zitini ndi kasizasi, komanso kuti dzimbiri siliigwira wamba. Kasowo kake kamadula nthambi mwaukhondo kuposa mpeni waukulu uliwonse.

Ku America kuli Buck, imene mtundu wake wa 110 wakhala pamsika kuyambira 1964, wolemera koma wokhalitsa. Kuli Ka-Bar ya ku Olean, New York, yodziwika ndi mpeni umene asilikali apamadzi a dzikolo anavomereza mu 1942 kuti azigwiritsa ntchito. Umenewo anaupangira nkhondo, ndipo posema kapena kusenda si wabwino kwenikweni. Kulinso ESEE, imene mipeni yake yambiri ndi ya 1095 yowotchedwa mofewerapo, 55 mpaka 57 HRC, kuti ipindike m'malo mothyoka. Amaipaka utoto woteteza, koma mbali yakuthwayo imakhala pamtunda ndipo imachita dzimbiri mukaiiwala.

Fällkniven ya ku Boden, kumpoto kwa Sweden, ili pa mtengo wapamwamba. Mtundu wake wa F1 ndi umene oyendetsa ndege za nkhondo za ku Sweden akhala akupatsidwa kuyambira 1995. Chitsulo cha VG-10 chili pakati, chokutidwa ndi chofewerapo mbali zonse. Ndi mpeni wolimba, koma kukhuthala kwake kwa mamilimita 4.5 n'kwambiri, ndipo podula mbatata umachita kuing'amba.

Okapi bwanji, poti ndi umene ambirife tinakulira tikuuona?

Okapi unayambira ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ndipo unkapangidwira misika ya kuno ku Africa. Mu 1988 dzina ndi makina ake zinasamukira ku South Africa, ndipo wakhala ukupangidwa ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Wodziwika kwambiri ndi uja wa chigwiriro chamtengo, wokongoletsedwa ndi mwezi ndi nyenyezi, wokhala ndi kamphete kokoka potseka. Chitsulo cha kaboni chimene amagwiritsa ntchito n'chofewerapo, ndipo nthawi zambiri umabwera usanathwe bwino, koma mphindi zochepa pa mwala zimausintha. Pa ntchito za kumunda, kudula luzi, kusenda nzimbe, umakwanira ndithu, ndipo ukatayika mtima supweteka kwambiri. Musaukanulire zinthu kapena kuumenya ndi chibonga, chifukwa polumikizira pake si pa ntchito imeneyo. Amene muli ku Joni dziwaninso kuti mpeniwu uli ndi mbiri ya zigawenga za m'makomboni, choncho wapolisi akaupeza m'thumba mwanu m'tauni, sayamba n'kuganiza za nzimbe.

Kodi mpeni wosulidwa ndi amisiri akumudzi ungafanane ndi imeneyi?

Ungathe, ndipo osula athu sayenera kuderedwa. Ambiri amasula kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakale, amene kawirikawiri amakhala a 5160 kapena chitsulo chofanana nacho. Ndi chitsulo chopirira kwambiri, chomwechonso chimene osula a ku Nepal amapangira mipeni yawo yokhota ya kukri. Pa chikwanje, nkhwangwa kapena mpeni waukulu, n'chovuta kuchiposa.

Chimene chimasiyana ndi kawotchedwe. Mmisiri amayeza moto ndi maso, poona mtundu wa chitsulo pa makala, ndiye ntchito ya wina imatuluka bwino pamene ya mnzake imatuluka yofewa kapena yosweka. Njira yodziwira ilipo. Tengani tupa mupale pang'ono pa mbali yakuthwa. Akamaluma mosavuta ngati mukupala msomali, chitsulocho sichinaume. Akamangotsetsereka osagwira konse, chauma kwambiri, ndipo mufunse ngati anachifunditsanso atachiziziritsa. Chabwino ndi chimene tupa akugwira movutikira. Yang'aninso timing'alu, chifukwa sipuling'i yakale imatha kukhala itatopa kale pamsewu. Mukapeza mmisiri amene mipeni yake imapambana mayeso amenewa, mugwiritsitseni, ndipo mulipireni bwino. Angakusulireni mpeni wa kutalika ndi chigwiriro chogwirizana ndi dzanja lanu, zimene fakitale singachite.

Ku South Africa kulinso amisiri opanga mipeni pamanja amene ali ndi bungwe lawo, Knifemakers' Guild of Southern Africa, ndipo ambiri kumeneko amakonda N690. Mitengo yawo ndi yokwera.

Ndikufuna mpeni umodzi wochita zonse, ngakhale kuwaza nkhuni. Ukhale wokhuthala bwanji?

Mavidiyo ambiri a pa YouTube amaonetsa anthu akumenya mpeni ndi chibonga kuti awaze chipika, ndipo zimenezi zachititsa kuti ogula azifuna mipeni yokhuthala mamilimita 5 kapena 6, ya full tang, kutanthauza kuti chitsulo chadutsa m'chigwiriro chonse. Full tang ndi yolimbadi. Koma kumbukirani kuti chimene chimadula ndi kupyapyala. Mpeni wa mamilimita 2.5 wa chitsulo wamba umadula bwino kuposa wa mamilimita 6 wa chitsulo chodula, chifukwa wokhuthalawo umatsamwa m'chinthu chimene ukudula.

Ife tili ndi chikwanje ndi nkhwangwa, ndipo timadziwa kuzigwira kuyambira ubwana. Chikwanje wamba, kaya cha mmisiri kaya cha Tramontina ya ku Brazil, kuphatikiza kampeni kopyapyala ka masentimita 9 mpaka 11, zimagwira ntchito yambiri kuposa chimpeni chimodzi chachikulu, ndipo mtengo wa ziwirizi ndi wochepa.

Nanga mipeni ya Damascus ya mizeremizere ija?

Mizereyo ndi yokongoletsa. Imabwera pophatikiza zitsulo ziwiri, kawirikawiri 1084 ndi 15N20, n'kuziviika mu asidi. Siionjezera kuthwa. Yotchipa kwambiri nthawi zambiri simadziwika zitsulo zake, ndipo ina mizereyo amangoijambula pamwamba.

Ndingadziwe bwanji mpeni wachinyengo?

Mayina otchuka onse amaberedwa. Chizindikiro choyamba ndi mtengo: mpeni wolembedwa S30V kapena M390 umene ukugulitsidwa pa mtengo wa Okapi si weniweni, chifukwa mtengo wa chitsulo chokhacho umaposa pamenepo. Onani zilembo ngati zadindidwa mwaukhondo, yerekezani kutalika ndi kulemera ndi zimene wopangayo analemba pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo ngati ndi wopinda, ugwedezeni muone ngati ukulobodoka ukatseguka. Kudinda dzina la chitsulo pa mpeni n'kosavuta, ndipo ndi maso okha simungasiyanitse. Ngati mukutuma wachibale amene ali kunja, muuzeni agule m'sitolo yodziwika ya zida zakutchire.

Ndizinola ndi chiyani, ndipo ndiziusamala bwanji?

Pa kaboni, 12C27, 14C28N, 420HC ndi 8Cr13MoV, mwala wa mbali ziwiri wa mu hadiweya ndi wokwanira. Ngakhale sandipepa woyala pa galasi amathandiza. Gwirani mpeni pa ngodya ya madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse, nolani mbali imodzi mpaka mutamva kachitsulo kopindikira mbali inayo mukapapasa ndi chala, tembenuzani muchite chimodzimodzi, kenako chotsani kachitsuloko pokhuta mopepuka ndi pomalizira pa lamba wachikopa. Anthu ambiri amene amati mpeni wawo sukuthwa amakhala kuti sanafike pa kachitsulo kameneka, kapena sanakachotse.

Chimene ndikupemphani kwambiri: musapereke mpeni wabwino ku girayinda ya magetsi youma. Mbali yakuthwa ndi yopyapyala kwambiri moti imapsa m'kanthawi kochepa, ndipo mukaona yasanduka yabuluu, dziwani kuti kuuma konse kumene wopanga anavutikira kwatha pamenepo. Mpeni wa kaboni muziupukuta mukangomaliza ntchito, muupake timafuta pang'ono, ndipo musausunge nthawi yaitali m'chimake chachikopa chifukwa chikopa chimasunga chinyezi.

Kodi ndingayende nawo paliponse?

Ayi, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku England ndi Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola kunyamula pagulu popanda chifukwa chapadera mpeni wopinda wokha, wosakhoma, umene mbali yake yakuthwa sipitirira mainchesi 3, kapena kuti masentimita 7.62. Izi zikutanthauza kuti Opinel nambala 8, Buck 110, Okapi wa kamphete ndi Mora aliyense amafuna chifukwa chomveka, monga ntchito kapena ulendo wokagona kutchire, ndipo kuiwala mpeni m'galimoto si chifukwa. Ku South Africa, lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 limayang'ana ngati mmene mwanyamulira chidacho zikupereka chikayikiro choti mukufuna kuchita nacho choipa. Pa ndege, mpeni uliwonse uzilowa m'chikwama chachikulu chopita kunsi, osati cha m'manja. Mukamalowa m'malo osungirako nyama zakutchire, funsani pachipata zimene amalola musanatsitse katundu.